Matabwa Anu Akuwola, Bambo

Lero zakwana zaka zinayi, Bambo, chitisiyireni nyumba ya matabwa imene munakhoma ndi manja anu.

Chaka chilichonse mvula isanayambe, munkakwera makwerero, kachitini kali m'manja, n'kupaka matabwa a kunja kwa nyumba mafuta amene munkasakaniza nokha. Munkayambira kumapeto kwa thabwa, kumene anadula ndi macheka, chifukwa munkati madzi amalowera kumeneko. Mukatha munkagogoda thabwa lililonse ndi chala, khutu lili pakhoma, kumvetsera ngati lili bwino. Ife tinkakusekani kuti Bambo akufunsira khoma ukwati. Munkaseka nafe, koma kugogodako simunkasiya. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anakufunsani zomwe munkathira m'kachitinimo.

Patatha zaka ziwiri chitisiyireni, matabwa atayamba kutuwa, tinati tikulemekezeni. Mkamwini wanu anabwera ndi penti wobiriwira wonyezimira, tonse n'kupaka tsiku limodzi, mvula itangokata dzulo lake. Nyumba inakongola moti odutsa ankachita kuima. Sitinadziwe kuti tatsekera chinyezi mkati. Pano penti akumatuka yekha, ndipo ukadina thabwa chala chikumalowa ngati mu buledi. Tinalakwa, Bambo, ndipo zikutipweteka kwambiri.

Amisiri amene tawaitana onse akunena chimodzimodzi: tichotse matabwa, tikhome malata. Mwana wanu woyamba wayesa mafuta osiyanasiyana a m'sitolo, koma kuwolako sikukuima. Mzime wanu wapala khoma ndi sandipepa mpaka manja kutuluka matuza, kenako anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Nzeru zatithera.

Amayi ndiye sitikudziwa kuti tiwatonthoze bwanji. M'mawa uliwonse amazungulira nyumba akugogoda monga munkachitira inu, ndipo matabwa ambiri sakuyankhanso. Timafuta tanu totsala m'kachitini tinangokwanira thabwa limodzi. Iwo anasankha la pansi pa zenera la kuchipinda kwanu, limene munkagogoda pochokera kuntchito kuti adziwe kuti mwafika. Analipala okha, n'kulipaka kuyambira kumapeto. Ndilo lokhalo likulirabe monga munalisiyira.

Malata akubwera mwezi wamawa, ndipo tilibe mphamvu zowakanira. Amayi angopempha chinthu chimodzi, kuti thabwa limenelo amisiri asalikhudze.

Ife akazi anu, ana ndi adzukulu sitidzakuiwalani, Bambo, ngakhale khoma lonse litagwa.