Ng'ombe Zasiya Kugona Pansi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo, ana akusewera, alamu anu akupereka moni.

Zikomo chifukwa cha matumba a ufa wothira ku chakudya cha ng'ombe amene munatumiza. Mkaka wachulukadi, mpaka zidebe zikuchepa. Kungoti kakapu koyezera kaja kanasweka sabata yoyamba, ndiye alamu anu akuyezera mbale. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Mayi, chabwino sichichuluka. Inu dziwani zosefa mkaka."

Koma khola silili monga munalisiyira. Mukukumbuka kuti ng'ombe zikakhuta zinkagona pansi n'kumabzikula? Pano zimangoima tsiku lonse, n'kumasinthasintha miyendo ngati zaponda makala a moto. Nthawi yokama zinkabwera zokha pamzere, iliyonse ikudziwa malo ake, koma tsopano timachita kuzikoka. Dzulo ndinapeza ziwiri zitatsamiritsa mitu kukhoma, chakudya chili pamphuno osachiyang'ana n'komwe. M'kholamo muli zii, achimwene, moti ntchentche ikadutsa mumaimva.

Ndinati tiitane adokotala a ziweto. Alamu anu akuti tidikire kaye poti mkaka ukutuluka. Matumba anatsala atatu, ndipo m'mawa uno atsegula lina.

Munafunsa za Mawanga, ng'ombe imene malemu amayi anakusiyirani. Zimenezo si zolemba papepala. Chingwe chake ndachichapa, ndachipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanu. Mukapeza mpata bwerani, musachite kudikira tchuthi.

Ndine mlongo wanu.

Mukamayankha musatchule za kalatayi. Ndalemba alamu anu asakudziwa.