Mazira a Nkhanga ndi Chinkhoswe cha Tasha

Okondedwa achemwali a Christobel,

Landirani moni wochokera kuno ku Mzuzu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Ife tili bwino, kungoti kukuzizira.

Masiku ano ndikumakumbukira tili ana ku Malemia, bambo atatola mazira a nkhanga m'mbali mwa munda wa mpunga n'kupatsa thadzi lathu kuti lifungatire. Linaswa, n'kulera anawo ngati ake. Atakula anathawira kutchire, ine n'kulira. Bambo pondipukuta misozi anati Mulungu analenga chilichonse ndi mtundu wake, nkhanga singasanduke nkhuku.

Mukukumbukira kuti nkhani yomweyi ndi imene inayambanitsa mwana wanga Tasha ndi amalume ake, achimwene a Henderson, pa Khirisimasi paja. Iye ndi maphunziro ake a zamoyo anati thadzi lija silinasochere kwenikweni, poti nkhuku ndi nkhanga zinachokera kwa kholo limodzi kalekale, ndipo chibalecho ukachilondola chimafika mpaka kwa ife anthu. Achimwene, pokhala mkulu wa mpingo, anadzambatuka pamkeka. Chichokereni pamenepo, foni ya mwana osayankha.

Zinandisowetsa mtendere, chifukwa akwawo kwa Brighton, bwenzi lake lija, akhala akufunsa za chinkhoswe. Nanga popanda amalume tikanayambira pati?

Tsiku lina tikudya, Tasha anayala mafupa a phiko la nkhuku pambale n'kuwafanizira ndi mkono wanga: limodzi kumtunda, awiri kumunsi. Ndinakhala ndikudzigwiragwira chigongono ngati mwana. Komabe Lamulungu tinali limodzi kutchalitchi, iye akuimba kuposa ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ku Songani ndi kwa adzukulu onse.

Tsono imvani yondilembetsa kalatayi. Dzulo achimwene anaimba okha foni kwa Tasha! Akuti anyani a m'phiri si abale awo ndipo sadzavomera, koma Tasha ndi mbumba yawo, unkhoswe wake sangausiyire wina. Agwirizana kuti akumane kwanuko Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno, akwawo kwa Brighton asanabwere.

Pempho langa n'limodzi: mudzakhale pakati pawo, poti onse awiri ndi ouma mutu mofanana. Tasha wagula kale matikiti a basi.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Dyna