Mawu a Bambo Mwawasiya Kuti?

Asuweni a Lameki,

Ndikhulupirira ku Joni mukudzuka bwino. Kuno fodya akuuma m'zigafa.

Zikomo potitchukitsa. Dzulo wometa tsitsi pa Mtunthama ankaliza dabu yanu ija, nyimbo yokonzedwanso kuchokera m'kaseti ya malemu bambo, imene munabwereka kuti mukaisunge bwino. Mwaisungadi! Besi ikugunda, dzina lanu pachikuto lanenepa. Koma mawu a malume anu mwachotsamo onse, mwangosiya "m'bale… bale… bale" akuzimirira. Kani m'bale mumanena uja n'chimbale?

Amayi ndawalizira nyimboyo pafoni. Amvetsera mpaka kumapeto, kudikira kuti amuna awo ayambe kuimba. Masiku ano sakudzuka pamphasa, ndipo zimene anena adokotala sindilemba muno.

Bwezani kasetiyo msanga, asuweni. Ina tilibe.

Ndine msuweni wanube,
Maliya