Mafomu Olembedwa ndi Dzanja Limodzi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Bondo lija lasiya kutupa? Mng'ono wanga akuti mukukanabe kuyendera ndodo poopa kuoneka okalamba. Igwireni, Amayi, palibe amene akusekeni. Kuno m'thupi tili bwino, adzukulu anu akupita kusukulu, bambo awo ali pantchito. Koma mtima wanga suli m'malo, ndipo nkhani yake ndi yaitali, si ya pafoni.

Ndiyambire poyamba kuti mumvetse. Boma lapereka ndalama zokonzera tauni ino, ndipo khonsolo inalengeza kuti anthu anene okha chimene akufuna. Ndalamazo n'zokwanira ntchito imodzi yaikulu basi. Anagawa mafomu oti munthu alembe dzina, dera limene amakhala, ntchito imene akufuna ndi chifukwa chake. Imene ambiri aitchule ndiyo igwiridwe.

Amalonda akufuna denga ndi simenti pamsika, ndipo amalume, pokhala apampando a komiti ya msika, ndiwo ali patsogolo. Anthu a kumunsi kwa njanji, kumene ndimaphunzitsa, akufuna ngalande, chifukwa madzi onse a m'tauni amathera m'nyumba zawo. Dzinja lapitali ndinaphunzitsa milungu iwiri ana atakhala pamwamba pa madesiki.

Ambiri kumunsiko sadziwa kulemba, choncho makolo anandipempha kuti ndiwathandize. Kwa milungu itatu, Loweruka lililonse ndinkatulutsa tebulo pakhonde la sukulu, anthu n'kundanda mpaka pampopi. Aliyense ankanena zake, ine n'kulemba, iye n'kudinda chala. Tsiku lina amalume anadutsa panjinga, n'kuima, n'kundiseka kuti kodi tsopano wayamba kulemba nkhalamba sitandade wani? Anthu anaseka, inenso ndinangoseka. Sindinawauze zimene tinkalemba, podziwa mbali imene iwo ali.

Koma kulakwa kwanga kwakukulu ndi uku. Mukulidziwa khalidwe langa lokonda kuwongola mawu a anthu. Mayi wina wochapa zovala anati madzi analowera kunsi kwa chitseko, mapoto n'kuyamba kuyandama, khanda n'kuligoneka pamwamba pa kabati. Ine ndinalemba kuti akupempha ngalande pofuna kuteteza miyoyo ndi katundu. Abambo ena okhoma zidebe anatukwana khonsolo yonse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka abwana. Ine ndinalembanso kuti akupempha ngalande pofuna kuteteza miyoyo ndi katundu. Ndinkati kuofesi amamvera mawu aulemu. Mafomu oposa mazana awiri anapita choncho.

Lachiwiri lapitali tinasonkhana muholo ya khonsolo, mafomu atayalidwa pamatebulo kuti makomiti aone. A ngalande anali atapambana, ngakhale mosiyana pang'ono. Bambo wina wogulitsa nyama anatola mafomu asanu n'kuyamba kuwerenga mokweza. Pofika yachinayi, amalonda onse ankamalizitsa okha mawuwo ngati ana m'kalasi. Pamenepo amalume anaimirira n'kunena kuti apa pali chinyengo, wina wangokhala m'nyumba mwake n'kupeka anthu, ndipo wakuba woteroyo aonekere. Holo yonse inaomba m'manja. Mlembi wa khonsolo anafunsa amene analemba mafomuwo. Ndinaimirira.

Amayi, nkhope ya alongo anu sindidzaiiwala. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pepala limene anali atangolilandira kwa wanyamayo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Munthu amene ankasaina makope anga zaka zonse zimene ndinakulira pakhomo pawo, akanaligwira pepalalo asanalankhule, akanadziwa kalembedwe kanga.

Mlembi wagamula kuti mafomuwo aikidwe pambali mpaka Lachisanu la mlungu wamawa. Kuti awerengedwe pali njira ziwiri. Eni ake abwere okha, aliyense atchule dzina ndi nambala ya puloti yake, apo ayi munthu wa m'komiti ina, osati ya ngalande, achitire umboni kuti anaona anthuwo akulembetsa. Zikalephereka zonsezi, mafomu atayidwa.

Njira yoyambayo ikumveka yophweka, koma nyumba zambiri kumunsiko zilibe mapepala. Anthu akuopa kuti akaimirira pamaso pa khonsolo n'kulephera kutchula nambala, ndiye kuti adzilembetsa okha pamndandanda wa nyumba zogwetsa. Sindingawatsimikizire kuti sizidzatero. Ndakhala ndikuyenda khomo ndi khomo ndikaweruka, ndipo avomera khumi ndi mmodzi okha. Abambo a zidebe aja sanasiye n'kukhoma komwe polankhula nane. Anati aphunzitsi, mukanalemba matukwano anga monga ndinawanenera, ndani akanati mwapeka inu, munthu wa kutchalitchi? Ankanena zoona.

Kwatsala amalume. A m'makomiti ena palibe amene amafika kumunsi kuja, ndi amalume okha amene anaona mzere uja ndi zala za inki. Ndinapita kunyumba kwawo, akazi awo anati achoka, njinga ili chiyedzamire pakhoma. Mawa lake ndinawalondola kumsika. Anapitiriza kuyeza misomali pasikelo, kenako anafunsa kuti aphunzitsi mukufuna ya mainchi angati. Chibadwire changa sanandiitanepo choncho.

Sindikuwada, ndipo musawaone ngati oipa. Mvula ikagwa pamsika paja, anthu amafunditsa katundu ndi mapepala apulasitiki, iwo eni n'kunyowa. Anawasankha kuti awamenyere nkhondo ya denga, ndipo akanena zimene anaona, dengalo lapita. Komanso ndinawabisira, iwo n'kunditchula wakuba pagulu mosadziwa. Manyazi amenewo ndinawaveka ndine.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire foni. Inu munawabereka kumbuyo ali wakhanda, ndipo ndinu nokha amene mumalankhula iwo n'kumvetsera osakudulani. Musawakalipire, musawakumbutsenso zoti ndife magazi amodzi. Muwauze kuti ndikupepesa powabisira, ndipo sindikupempha kuti asiye anthu awo kapena kuti anene kuti ngalande ndiyo yofunika. Angonena zimene anaona Loweruka lija, basi. Akakana, musayambane nawo chifukwa cha ine. Ndikaima ndi anthu khumi ndi mmodziwo, ndikavomere kuti mawu ndinawasintha, ndipemphe mlembi kuti atsike yekha akaone mizere ya madzi pamakoma. Kaya akavomera, sindikudziwa.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi amene amadutsa kwanuko, ifika Lolemba. Chonde musadikire kuti Lachitatu lidutse. Kuno mitambo yayamba kale kuda, ndipo kumunsi anthu akudzaza mchenga m'matumba n'kumaunjika pazitseko.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu anga, ndi kwa ana onse. Apongozi anu ndi adzukulu akupereka moni wambiri. Mng'ono wanga akakuwerengerani kalatayi asaisiye pambalambanda. Ndipo amalume akayankha, kaya avomera kaya akana, mng'ono wangayo andiimbire tsiku lomwelo, kuti ndidziwiretu ngati Lachisanu ndikukakumana ndi amalume anga kapena ndi apampando a msika.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Aphunzitsi anu aja