Tinamunamizira Yohane

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chileka tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Pikapu munatumiza ija yatidanitsa ndi msuweni wathu Yohane, amene ankaiyendetsa. Inkathamanga bwinobwino, kenako n'kuzima yokha pamsewu, ikapuma pang'ono n'kuliranso. Tinasintha fyuluta ya dizilo koma sizinathandize. Ikafika kwa makaniko inkalira ngati yatsopano.

Tsiku lina inazima itanyamula tomato, ndipo yense anaonongeka ndi dzuwa. Ababa anakalipa pamaso pa anthu: "Iwe Yohane, ukugulitsa dizilo n'kumathira palafini!" Yohane anaika makiyi pampando n'kubwerera kwawo ku Mdeka.

Sabata yatha makaniko wa ku Lirangwe anatsitsa thanki. Anapezamo chidutswa cha jumbo chimene chinkayandama, nthawi zina n'kutseka paipi ya mafuta. Ababa atachiona anangokhala pansi, poti ndi iwo amene anatsekera jumbo pakamwa pa thankiyo chitsekero chitatayika.

Lamlungu tinapita kukapepesa. Yohane anatilandira mwaulemu, koma makiyi anawakana. "Malume, galimoto yachira," anatero, "koma ine kumsika akunditchulabe wakuba."

Chonde achimwene, muimbireni foni, inu amakumverani. Pikapu yangoima pansi pa mtengo wa mango, ndipo ababa sakulola kuti wina aiyendetse.

Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati