Kandege ka Alamu Anu Kawalankhulitsa Atate

Achimwene okondedwa,

Muli bwanji kutaliko? Ife kuno ku Kabwata tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chapola.

Alamu anu amaliza kandege kankhondo kaja anagula zidutswazidutswa m'tauni. Atakalumikiza anakapaka utoto wobiriwira, kakuwala ngati mbale yatsopano. Kenaka ndinangoona akupera makala a pambaula, n'kumapaka mwaye m'mbali mwa injini ndi nthenga ya nkhuku, mapiko n'kumawakanda ndi singano. Ndinakalipa: "Mwavutika nako masiku onsewa kuti mukadetse?" Amayi nawonso anafuna kukapukuta ndi polishi.

Koma luso lake, achimwene! Ukakayang'ana umachita kumva fungo la mafuta.

Lamulungu atate anakanyamula n'kukayang'anitsitsa mbali zonse. Kenaka anati, "Ku Burma ndege zinkatera zili chonchi, zikapulumuka." Munthu amene sanatiuzepo kalikonse za nkhondo analankhula mpaka tiyi anazizira.

Mutitumizireko kaburashi kakang'ono ndi utoto wasiliva, kuno m'masitolo mulibe. Mulungu akusungeni. Ndipo atate muwalembere, muwafunse za nkhondoyo. Tsopano akuyankha.

Ndine mlongo wanu,
Esinati