Wachonga Nyimbo za Agogo

Dhaka

Wokondedwa mlongo wanga Mofiz,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Sunamganj kumeneko, ndipo chifuwa cha amayi chinachepa. Ine kuthupi ndili bwino, kungoti magetsi akuzimazima ndipo iwe wandikwiyitsa koopsa.

Ukudziwa mmene tinayambira laibulale yathu ya pa intaneti. Tinali ochepa, tikaweruka kuntchito n'kumajambula mabuku akale tsamba ndi tsamba, wina kutaipa, wina kuyerekeza ndi chithunzicho. Lero mabuku achuluka, othandiza ena ali ku Kolkata, sitinaonanepo n'komwe. Koma lamulo ndi lomwe lija: umalemba zimene zili patsamba, ngakhale pamene wosindikiza analakwitsa.

Ndinakupempha kuti ujambule buku la nyimbo za opalasa ngalawa limene agogo aamuna anasindikiza. Iwe unaona ngati kujambula n'kwa ana, unangotaipa wekha n'kutumiza popanda chithunzi ngakhale chimodzi. Nditawerenga ndinaona kuti wasintha mawu. Paliponse pamene agogo analemba liwu lakuti nao, mmene timatchulira ngalawa kwathu, iwe waikapo nouka ya m'kalasi. Uphunzitsi wako wafika pochonga ndi akufa omwe?

Bambo Sudhangshu, amene amaonanso zimene ndataipa, anandifunsa akuseka ngati agogo ankapalasa ngalawa atavala tayi. Ndinasowa poika nkhope. Anati popanda zithunzi sangazilandire, ndipo sanalakwe.

Chandiwawa kwambiri n'chimene mlamu wandiuza pafoni. Akuti unanena kuti bukulo latha ntchito poti zonse zili m'kompyuta yako, ndiye unaliponya pamwamba pa nkhokwe ya mpunga, pomwe denga limadontha paja. Mofiz, buku limenelo latsala limodzi lokha, ndipo mvula yayandikira.

Pempho langa ndi limodzi. Ulitsitse lero, ulikulunge m'pulasitiki, umupatse msuweni Jobeda akamabwera kuno. Usamatemo, usalembemo, usakonze kalikonse. Likanyowa, chotsala chidzakhala Chibengali chako cha kusukulu chili ndi dzina la agogo pamwamba, ndipo ana ako adzakula akukhulupirira kuti agogo ankayankhula choncho.

Undiperekere moni kwa amayi, mlamu ndi ana. Azakhali uwauze kuti nsomba zouma zinafika bwino. Iwe moni wako ndidzakupatsa buku likafika.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Tohura